Kanyama ka mizere ka ku Pemba kaja

Achimwene, chithunzi chanu ndachikulitsa pa foni kangapo. Mwati munakajambula pa matanthwe ku Pemba, ku Mozambique, madzi a m'nyanja ataphwera, ndipo mukufunsa ngati kanyama kakuda ka mizere yoyera kameneka ndi msundu, ngati kamaluma, komanso ngati mungakatengere kuno ku Zomba mukapitanso. Si msundu ayi, ngakhale ena anena choncho m'ndemangamu. Ndi m'bale wake wa nkhono, wa gulu limene asayansi amalitcha nudibranch. Kakangoswa kamakhala ndi kachigoba, koma kakamakula kamakataya. Mitundu yodziwika ya gululi imapitirira 3,000, ndipo yonse ndi ya m'nyanja yamchere. Ndiye chifukwa chake simunakaonepo ku Kachulu kapena ku Mangochi. Nkhono zopanda chigoba zimene timaziona pa makoma onyowa kukwera ku Ku Chawe nthawi ya dzinja ndi abale akutali, zija ndi za pamtunda.

Anthu ambiri amathamangira mtundu. Ine ndimayamba ndi kumutu. Taonani timanyanga tiwiri ta olenji taimirira kutsogoloko. Si maso amenewo, ndi tonunkhizira, ndi timene kamadziwira kumene kuli chakudya kapena kanzake. Kenako pitani chakumbuyo, pamsana, pali kaduwa konga nthenga za nkhuku zomangidwa pamodzi. Ndi popumira pamenepo, ndipo dzina loti nudibranch likutanthauza kuti ziwalo zopumira zili pamtetete. Mukakakhudza, kaduwako kamalowa mkati nthawi yomweyo. Zinthu ziwirizi zikaoneka, mwayamba bwino.

Ndikulimbikira pamenepa chifukwa zinandichitikira. Ulendo wanga woyamba ku Zanzibar ndinaona kanthu kakuda kokongola, m'mphepete mwa olenji, kakuyenda pa mwala, ndipo ndinalemba m'kope kuti ndapeza nudibranch. Msodzi amene ankatiyendetsa anakanyamulira pa tsamba la ndere n'kundionetsa pafupi. Kanali kopyapyala ngati pepala lonyowa, kopanda kaduwa kumsana, ndipo zimene ndinkayesa nyanga zinali m'mphepete mwa thupi mongopindika. Inali nyongolotsi yaphanthiphanthi ya m'nyanja. Zimafanana kwambiri ndi nkhonozi, koma zimathamanga ngati madzi oyenderera, pamene nkhono imakwawa mwaulemu.

Tsono kanu aka. Thupi n'losalala, lalitali mozungulira ngati dzira, lakuda, ndi mizere iwiri yoyera yotsika kuchokera kumutu. Kunja kwake kuli mzere woyera, kenako mkombero waukulu wa olenji. Nyanga ndi kaduwa nazonso ndi za olenji. Ine ndikuti ndi Chromodoris africana. Anayamba kuilemba m'mabuku a sayansi ndi Charles Eliot mu 1904, ndipo imapezeka m'mbali mwa nyanja kum'mawa kwa Africa mpaka ku Red Sea. Imatalika pafupifupi masentimita 7, ngati chala cha mkombaphala cha munthu wamkulu. Ili ndi mnzake wosokoneza kwambiri, Chromodoris quadricolor, wokhala m'madzi omwewo. Kusiyana kwake kuli pakati pa mizere yakuda. Quadricolor pamenepo ndi ya buluu wowala, pamene africana ndi yoyera ndipo kuda n'kumene kumachuluka. Chenjezo n'lakuti madzi amanamiza kamera, choyera chimatha kuoneka chabuluu mukajambula pansi pa madzi. Mwamwayi chanu munajambula pamadzi osaya dzuwa likuwala, ndipo mchenga uli pambalipo ukuoneka woyera bwinobwino, ndiye mizereyo ndikuikhulupirira.

Mukadzapitanso mudzakumana ndi nkhono ina ya m'nyanja. Ikakhala yolimba, ya timatuza tachikasu pamsana wa buluu ndi wakuda, yopanda kaduwa kaja, ndi ya mtundu wa Phyllidia, yomwe imabisa zopumira zake kunsi. Ikakhala yofiira, yaikulu kuposa chikhatho, yosambira mopindapinda ngati nsalu ya wovina, ndi Hexabranchus, imene alendo amaitcha Spanish dancer. Yonenepa ya mtundu wa matope, yotulutsa madzi a pepo mukaiponda, ndi ya gulu lina lodya ndere.

Za kuluma, kanu aka sikaluma ndipo kalibe mbola. Koma mitundu yowalayo si yodzikongoletsera chabe. Kamadya siponji ya m'nyanja, chamoyo chofewa chokhala chomata pa miyala, n'kusunga poizoni wa siponjiyo m'thupi mwake, ndipo nsomba yoti inalawapo kamodzi ikaona mizereyo imapatuka. Choncho musakadye, musapatse mwana kuseweretsa, ndipo mukakagwira sambani m'manja musanakhudze m'maso. Zoyenera kuziopa zenizeni ndi zija zokhala ndi timphonje tambirimbiri pamsana, chifukwa zambiri mwa izo zimadya tinyama toluma n'kusunga mbola zake kunsonga kwa timphonjeto. Pali kena ka buluu ndi siliva, Glaucus atlanticus, kotalika masentimita 3 okha, kamene mafunde amakatayira pamchenga. Kameneko kamawotcha khungu, musakatole ndi dzanja.

Zoti mukatengere kuno m'botolo, chonde achimwene, ayi. Ndikudziwa kuti mumakonda kuweta nsomba m'galasi, koma mbuna ndi kanyamaka n'zosiyana kutalitali. Madzi a pampopi kuno ochokera ku Mulunguzi angakaphe posachedwa, ndipo ngakhale mutathira mchere wa kukhitchini sangasanduke madzi a m'nyanja. Vuto lalikulu ndi chakudya. Kamadya mitundu yochepa yokha ya siponji yamoyo, yomwe simungaipeze mumsika wa Zomba ngakhale ku Blantyre. Kangangofota pang'onopang'ono mukukaonerera.

Chimene mungabwere nacho ndi zithunzi zabwino. Jambulani chapamwamba, jambulaninso chapambali kuti phazi lake, kunsi kumene kamakwawira, lioneke, ikani ndalama yachitsulo pafupi kuti tidziwe kukula, ndipo musaiwale chimene kakhalapo, chifukwa nthawi zambiri ndiye chakudya chake. Mukaona kanthu konga riboni yokulungidwa pa mwala, jambulaninso, ndi mazira amenewo. Ichi muli nachochi chiikeni pa iNaturalist, tsamba la pa intaneti loikapo zithunzi za zamoyo, mulembe tsiku ndi malo, akatswiri a nkhono za m'nyanja amayankha kumeneko. Ngati muli ndi china chimene munajambula chapambali tsiku lomwelo, tiponyereni muno tione mizere ya kuphaziko.