Strelitzia wanu akusowa mbalame

Mayi, mwafunsa kuti bwanji strelitzia wanu, chomera chija cha duwa looneka ngati mutu wa mbalame, amachita maluwa chaka ndi chaka koma osabala njere, chonsecho njuchi zimabwera. Njuchizo musazide, ntchitoyi yazikulira. Duwali limadalira mbalame.

Kwawo ndi ku South Africa, makamaka ku Eastern Cape ndi KwaZulu-Natal. Mukaliyang'anitsitsa muona timasamba titatu taolenji toimirira, kenako kabuluu kosongoka ngati muvi. Kamuviko ndi timasamba tiwiri tophatikizana, ndipo mungu woyera, womata ngati ulimbo, wabisika m'kati mwake. Timadzi totsekemera tili kutsinde. Mbalame ikafuna kumwa imatera pamuvipo, kulemera kwake n'kukanula timasambato, mungu mbee kumapazi. Ikapita pa duwa lina imakhudza kansonga koyera kotulukira kumapeto kwa muvi, komwe ndi mbali yaikazi. Njuchi ndi yopepuka, ngakhale itavina bwanji pamenepo muviwo sutseguka.

Ambiri amati ndi choso amene amagwira ntchitoyi, poti ndiye amaoneka pamaluwa. Ine choso sindimukhulupirira kwenikweni. Ndi mlomo wake wautali uja amatha kumwera chakumbali osaponda muvi, n'kuuluka osanyamula kanthu. Kwawoko zimene zimaponda bwino ndi mbalame zolemererapo, zoluka zisa zolendewera zija. Ngati kwanuko palibe yozolowera kutera pamenepo, maluwa azingofota.

Ndiye mukhale mbalame ndinu. Sindikizani muviwo ndi chala, kokolani mungu ndi kamtengo kapena kaburashi, mukapake pa kansonga ka duwa lomwe langotseguka kumene, kakadali konata. Apa ndi pamene ambiri amaphonya: mungu uchokere ku chomera china. Ngati tsinde zanu zonse munagawa kuchokera ku phata limodzi, ndi chomera chimodzi chomwecho, ndipo njere zimagwira mwa apo ndi apo. Pemphani mungu kwa mnzanu.

Zikagwira, pakapita miyezi ingapo kachibalobalo kolimba kamang'ambika patatu, m'kati muli njere zakuda zokhala ndi ubweya waolenji. Chotsani ubweyawo, viikani njere m'madzi tsiku limodzi kapena awiri musanafese. Kumera kumatenga mwezi, iwiri, mwina kupitirira, ndipo duwa loyamba mudzaliona patapita zaka 3 mpaka 5. Ngati cholinga ndi kungochulukitsa maluwa pabwalo, kugawa phata n'kwachangu.