Yankho kwa achemwali a ku Turffontein: nyumba yagulitsidwa, koma musalongedze katundu

Achemwali, mwati m'nyumba imene mukuchita lendi muli mabanja 9, landilodi analephera kulipira bondi (ngongole ya nyumba ya ku banki), sherifu wagulitsa nyumbayo pa okushoni, ndipo wogula wakupatsani masiku 7 kuti mutuluke. Masiku 7 amenewo ndi a pakamwa pake chabe. Gawo 26(3) la malamulo aakulu a dziko lino la South Africa limati munthu sangatulutsidwe m'nyumba popanda chigamulo cha khoti, ndipo silisankha kuti uyu ndi nzika, uyu ndi wobwera. Lamulo la PIE la 1998, loletsa kutulutsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, limawonjezera kuti inu ndi khonsolo ya mzinda muzilandira chikalata masiku osachepera 14 mlandu usanamvedwe. Wotulutsa anthu mwa iye yekha akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri.

Koma lamuloli limathandiza amene afika kukhoti ali ndi umboni m'manja, ndiye sonkhanani sabata ino, khomo lililonse likhalepo. Sankhani komiti ya anthu atatu kapena asanu, ndipo mulembe m'kope kuti ntchito yawo ndi kumva ndi kubweretsa uthenga, osati kuvomera kanthu. Apa ndi pamene ambiri amagwa. Pa mlandu wa anthu 184 a mu fulati ina ku Berea, mu Johannesburg, anthu ochepa anapita kukhoti, kenako kunatuluka chigamulo chonena kuti onse avomera kusamuka. Zinatengera Constitutional Court, khoti lalikulu loona za malamulo aakulu a dziko, kuti ichifafanize mu 2017, chifukwa aja analibe mphamvu yovomerera anzawo. Pepala lililonse la wogula kapena la loya wake, lijambuleni pa foni, musasaine.

M'kope lomwelo banja lililonse lilembe mayina, zaka, tsiku limene linalowa, lendi imene limalipira, ndalama zimene limapeza pamwezi, sukulu ya ana, komanso ngati muli okalamba, olumala kapena mayi wolera ana yekha. Woweruza amayenera kuyang'ana zimenezi, koma sangazilote. Amene mapepala awo okhalira m'dziko muno anatha amaopa kulembedwa, n'zomveka. Auzeni loya kumbali, koma asalembetse dzina labodza, chifukwa umboniwu umakhala wolumbirira. Lembaninso poyera amene alibiretu kolowera. Mu 2011, pa mlandu wa Blue Moonlight wa ku Saratoga Avenue, Constitutional Court yomweyo inati mzinda wa Johannesburg uli ndi udindo wopereka malo ongoyembekezera ngakhale wotulutsayo atakhala munthu wamba. Dziwani kuti PIE imafewetsa mfundo ya malo ena nyumba ikagulitsidwa chifukwa cha bondi, choncho mfundoyi ikufuna loya, osati kungoitchula.

Nkhani ya lendi ndiyo imagawanitsa anthu. Wina amasiya kulipira, wina akupatsabe landilodi wakale, wina wayamba mobisa kupatsa wogula. Muuzeni wogulayo aonetse mapepala a sherifu, ndipo mufufuze ku Deeds Office, ofesi yosunga kaundula wa eni nyumba, kuti nyumba ili m'dzina la ndani lero. Funsaninso ngati inagulitsidwa pamodzi ndi ma lease anu, mapangano anu a lendi. Nthawi zambiri lease imapitirira nyumba ikagulitsidwa, koma pa okushoni ya banki, ngati bondi inayamba lease isanalembedwe ndipo mtengo sunakwane ngongole, sherifu akhoza kuigulitsa popanda lease. Pamene mukufufuza, ndalama ya lendi musaidye. Komiti isamatolere lendi m'thumba mwake, mungatchedwe olanda nyumba, ndipo PIE yomweyo imaletsa kulipiritsa anthu pa malo opanda chilolezo cha mwini. Pemphani loya kuti ndalamazo zisungidwe ku trust account yake, akaunti imene loya amasungiramo ndalama za anthu amene akuwaimira. Zopereka za thiransipoti ndi fotokope zikhale padera, ndi malisiti ake.

Akasintha maloko, akachotsa zitseko kapena akadula magetsi, jambulani, lembani tsiku ndi ola, ndipo tsiku lomwelo pitani ku khoti la majisitireti kukapempha chigamulo chachangu chobwezeretsa zinthu mmene zinalili. Kuchedwa kumafooketsa pempho lotere. Musalumikize magetsi nokha.

Thandizo laulere funsani ku Legal Aid South Africa, SERI, Wits Law Clinic kapena ProBono.Org, a Inner City Federation amadziwa bwino kuyendetsa makomiti a m'nyumba zotere, ndipo Gauteng Rental Housing Tribunal salipiritsa. Pitani ndi kope lija ndi nambala ya mlandu ngati chikalata chabwera.

Tisanamizane, nyumbayo siidzakhala yanu. Chimene mungapeze ndi miyezi yokonzekera, kapena lease yatsopano. Wogula amadziwa kuti mlandu wotsutsidwa umadya nthawi ndi ndalama za maloya, ndiye mabanja 9 olipira mokhulupirika akamulembera kalata imodzi yopempha kukambirana, ali ndi chifukwa chomvera. Kalatayo idutse kwa loya wanu, ndipo tsiku la khoti mupite nonse, ngakhale zokambirana zikuoneka kuti zikuyenda.