Kodi ndingajambule Gule Wamkulu podzudzula ntchito za ana m'minda ya fodya?

FUNSO: Akonzi, ndine mtsikana wa ku Kasungu ndipo ndikuchita maphunziro a digiri yachiwiri ya zaluso. Pa ntchito yanga yotsiriza ndikujambula ndi penti zilombo za Gule Wamkulu zikudzudzula mchitidwe wogwiritsa ana ntchito m'minda ya fodya. Amalume akuti ndikunyoza mwambo wathu, pomwe anzanga akusukulu akuti zimenezi ndi ndale, si luso. Kodi ndisiye?

YANKHO: Musasiye achemwali, koma mawu a amalume anuwo musawataye, chifukwa ndi olemera kuposa a anzanuwo.

Anzanuwo akuiwala kuti gule, yemwe bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, wakhala akudzudzula makhalidwe kuyambira kalekale. Simoni, wa nkhope yofiira uja, amatsanzira mzungu, ndipo zilombo zina zimanyogodola ulesi, kuledzera ndi chiwerewere pamaso pa mudzi wonse. Nkhani yanunso ndi yomveka: lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo mwana akamathyola fodya wonyowa, nikotini amalowa m'thupi mwake kudzera pakhungu n'kumuyambitsa chizungulire ndi kusanza.

Nkhawa ya amalume ili pa malire a bwalo ndi dambwe. Chimene chimavina pabwalo aliyense amachiona, choncho mukhoza kuchijambula, koma za kudambwe ndi za olowa okha, ndipo digiri siyipatsa munthu chilolezo choziulula. Kwa eni mwambo chilombo ndi mzimu, kotero chithunzi chosonyeza kuti mkati mwake muli munthu chingawapweteke kwambiri, ngakhale cholinga chanu chili chabwino. Musapatsenso chilombo uthenga wosemphana ndi khalidwe lake. Kasiyamaliro, mwachitsanzo, ndi wa ulemu waukulu, ndipo ine sindingakulangizeni kumunyamulitsa chikwangwani ngati ali pa zionetsero.

Pitani ku Kungoni ku Mua, m'boma la Dedza, malo a zaluso ndi chikhalidwe omwe Bambo Claude Boucher adakhazikitsa mu 1976, mukaone mmene amisiri a kumeneko amasonyezera gule. Mukabwerako, apempheni amalume akuperekezeni kwa amfumu mukafotokoze ntchitoyi musanaimalize, ndipo zithunzizo zionetsedwe kwanu ku Kasungu zisanapite ku Lilongwe. Nkhope za ana muzisinthe kuti asadziwike, popeza makolo awo amadalira minda yomweyo ndipo akhoza kuchotsedwa ntchito chifukwa cha chithunzi chanu.