Chipani cha mnzako umachilosera, umachiganizira kapena umachipenekera?

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina amene akuti amagwira ntchito muofesi ya anthu ambiri. Alemba kuti: "Kuntchito kwathu kwabwera mnyamata watsopano, sanayankhulepo za ndale ngakhale kamodzi koma anzanga agamula kale kuti ndi wa chipani chakuti, poona mtundu wa malaya amene amakonda, wailesi imene amamvera pa foni komanso mmene anasekera nkhani ina yake. Wina akuti 'ndalosera kale chipani chake', wina akuti 'ine ndikumuganizira', achinyamata akungoti 'ndapanga guess'. Mawu oyenera ndi ati? Nanga kunena kuti munthu amasapota chipani ndi Chichewa chabwino?"

Mayi, zikomo kwambiri, funso ngati ili ine limandipatsa mphamvu chifukwa anthu ambiri amaona ngati mawu atatuwa ndi amodzi pamene sali amodzi ngakhale pang'ono. Za guess zo tisatayepo nthawi, amenewo sanabwereke mawu, angothawa ntchito yofufuza mawu amene tili nawo kale.

Kulosera n'kunena za m'tsogolo. Tsinde lake ndi losa, komwe kwachokera mlosi ndi ulosi, ndiye a zanyengo amalosera mvula, inu mukhoza kulosera amene adzapambane chisankho, mukhozanso kulosera kuti mnyamatayo adzavotera uje tsiku la voti likadzafika. Koma chipani chimene munthu akuchikonda lero, chili kale mumtima mwake pamene mukuyankhula naye, chimenecho si cham'tsogolo ayi, changobisika basi. Chinthu chobisika sitilosera. Amene anati "ndalosera chipani chake" walakwitsa mneni ndipo wadzikwezanso, wadziika pa mpando wa mlosi pamene wangoona malaya.

Kuganizira ndiye kumandidetsa nkhawa kwambiri. Mawuwa ali ndi mbali yake yokoma, monga tikamati "mundiganizireko" kapena "ndi munthu woganizira anzake", koma mukangoika munthu patsogolo pake n'kunena kuti "tikumuganizira kuti", khutu la aliyense limamva mlandu. Tamverani nkhani za apolisi pa wailesi: amuna awiri amene akuwaganizira kuti anaba, woganiziridwayo akaonekera kubwalo la milandu. Ndiye mukati "ndikumuganizira kuti ndi wa chipani chakuti" mwasandutsa chipani kukhala ngati katundu wakuba amene wapezeka m'chikwama mwake, pamene munthu kukonda chipani si mlandu. Ndimamva anthu abwinobwino akunena chonchi osadziwa kuti mneni yekhayo waweruza kale.

Mawu amene ine ndikufuna abwerere pakamwa pathu ndi kupenekera. "Ndikupenekera kuti amakonda chipani chakuti." Mawu amenewa akutha, achinyamata ambiri amangodziwa mphwake woti mosapeneka, amene amamveka m'maulaliki ndi m'zokamba za pamisonkhano, koma kupeneka kwenikweniko anakuiwala. Ine ndimakhulupirira ndithu kuti peneka ndi m'bale wake wa penya, ndiko kuti chinthu ukuchipenya koma sichikuoneka bwino, ngati munthu amene akubwera patali kunja kuli chisisira, ukuona msinkhu ndi kayendedwe koma nkhope ayi. Aphunzitsi anga a Chichewa ankatibweza tikanena kuti "ndikudziwa" pa chinthu chimene sitinachione, ankati mwana iwe nena kuti ukupenekera, kudziwa n'kwa amene analipo. Ubwino wa mawuwa ndi woti amanyamula chikayiko mkati mwake, wonenayo akuvomera yekha kuti akhoza kuphonya.

Ndipo pa nkhani imeneyi timaphonya kwambiri, mayi, kuposa mmene timaganizira. Ku America akatswiri awiri, Douglas Ahler ndi Gaurav Sood, anasindikiza kafukufuku mu 2018 pomwe anafunsa anthu wamba kuti mwa otsatira chipani cha Republican ndi angati amene amapeza ndalama zoposa madola 250,000 pachaka. Anthu ankayankha kuti 38 pa 100 aliwonse, pamene zoona zake ndi 2 okha pa 100. Taonani kutalika kwake. M'mutu mwathu timasunga chithunzi chimodzi cha "munthu wa chipani chakuti", mavalidwe ake, galimoto yake, sukulu yake, mpingo wake, ndiye aliyense amene wafananako pang'ono timamukankhira momwemo. Michal Kosinski wa ku yunivesite ya Stanford mu 2021 anayesa za nkhope, anatenga zithunzi za anthu oposa 1 miliyoni a ku America, Canada ndi Britain, kompyuta ikapatsidwa nkhope ziwiri kuti isiyanitse mbali zawo pa ndale inkalondola ka 72 pa 100, koma anthufe pa ntchito yomweyo timalondola ka 55 basi, pamene wongotchula mwachisawawa amalondola ka 50. Kusiyana kwa 55 ndi 50 ndi kumene anzanu a muofesiwo akukutcha kudziwa. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina, sanati sungauone konse, koma uli kutsidya, umauonera patali.

Za malayazo ndiye musazikhulupirire n'komwe. M'mayiko ambiri mtundu wofiira ndi wa zipani za ogwira ntchito, ku Britain chipani cha Labour ndi chofiira pamene Conservative ndi chabuluu, koma ku America zatembenuzika, wofiira ndi wa Republican ndipo wabuluu ndi wa Democratic, ndipo zimenezi zinangokhazikika pa chisankho cha 2000 cha George W. Bush ndi Al Gore chifukwa cha mapu amene ankaonetsa pa TV. Munthu akhoza kuvala zofiira chifukwa ndi timu yake ya mpira kapena chifukwa ndi malaya okhawo amene anali ochapa.

Chimene chimaulula munthu kwambiri, ndipo apa ndiye pa ntchito yanga, ndi mawu amene amasankha. Nkhaniyi ndi yakalekale, mukatsegula Oweruza mutu 12 mupeza anthu a Yefita atatsekereza madooko a Yordano, aliyense wofuna kuoloka ankamuuza kuti anene Shiboleti, Mwefraimu lilime linkamukanika n'kunena Siboleti, ndipo lemba likuti anafa 42,000 chifukwa cha kaliwu kamodzi. Ku Northern Ireland mpaka lero mzinda umodzi uli ndi mayina awiri, amene amati Derry nthawi zambiri amakhala wofuna kuti dzikolo liphatikizane ndi Ireland, amene amati Londonderry amakhala wofuna kukhalabe pansi pa Britain, moti munthu wongofunsa njira ya basi waulula kale mbali yake asanadziwe. Ku America msonkho umodzi womwewo ena amautcha msonkho wa chuma chamasiye, ena msonkho wa imfa, ndipo achiwiriwo ndi amene akufuna uthetsedwe. Ifenso m'Chichewa tili nazo, tamverani amene amati "boma lathu" ndi amene amati "boma ili", amene amati "a pulezidenti" ndi amene amangoti "mkulu uja", amene amati "zionetsero" ndi amene amati "zipolowe" pa chinthu chimodzi chomwecho. Kamawu kakang'ono kolozera ngati "ili" kapena "uja" kamanyamula mkwiyo wonse. Komabe ngakhale apa n'kupenekera ndithu, pakuti munthu amatola mawu pa wailesi imene imalira m'nyumba mwa makolo ake osati chifukwa waganizapo.

Pali chinanso m'kalata yanu chimene simunafunse koma sindingachidutse, ndicho kanthu koti "ndi wa". Anzanu sakuti amakonda chipani kapena anavotera chipani, akuti ndi wa chipani. Wa ameneyu ndi yemwe timagwiritsa ntchito ponena kuti mwana wa uje, galu wa mfumu, munthu wa kumapiri, amasonyeza umwini kapena kumene munthu anachokera, zinthu zimene sizisintha msanga. Amene ali ndi udindo m'chipani kapena analembetsa umembala, inde ndi wa chipani. Koma munthu wamba amene amangoponya voti pakapita zaka, lero uku mawa uko, chipani sichinamugule. Nenani kuti amatsatira, amakonda, kapena mawu amene ine ndimawaona okoma koposa, amapendekera. Mtima wake umapendekera ku chipani chakuti. Chopendekeka chikhoza kuwongoka kapena kupendekera kwina, ndi mmenenso anthu alili.

Tsopano kusapota. Ine si mdani wa mawu obwereka, voti ndinailandira, kampeni ndimainena, pulezidenti ndiye sitingamuthawe. Chipani chomwechi ndi chobwera, ine ndikupenekera kuti chinachokera ku mawu a Chiafrikaans oti span, kutanthauza ng'ombe zomangidwa pamodzi kuti zikoke ngolo, amene m'Chizulu anakhala isipani, gulu la anthu ogwira ntchito limodzi, ndipo anafika kwa ife pakamwa pa anthu ochokera kumigodi ya Johannesburg. Mawu amenewo anabwera pamene panali mpata ndipo anakhazikika mpaka palibe amawaona ngati mlendo. Koma sapota anapeza malo ali odzaza kale, tili ndi kutsatira, kuchemerera, kukhala pambuyo pa munthu, kuikira kumbuyo. Chimene chimandiwawa n'choti sapota analowera kubwalo la mpira ndipo wabweretsa fungo la kumeneko, sapota sasiya timu yake ngakhale igonje chaka chonse, safunsa chifukwa, amangoimba. Tikazolowera kunena kuti masapota a chipani timayamba kuonanso anzathu ngati anthu ovala yunifomu amene ukhoza kuwazindikira uli patali. Pocheza nenani, sindikuletsani, mawuwa alowerera ndipo sachoka, koma polemba kapena pamaso pa akuluakulu nenani otsatira.

Ndale nayo paja tanthauzo lake loyamba ndi la pogwetsana, kumupinga mnzako mwendo kuti agwe, n'chifukwa chake mpaka lero timati wanditchera ndale. Agogo anga aamuna mawuwa sankawadziwa m'tanthauzo lina, ukati uje walowa ndale ankafunsa kuti akufuna kugwetsa ndani. Ine ndimaona kuti n'chifukwa chake ambirife timachita manyazi kufunsa munthu maso ndi maso za mbali yake, mawuwo enieniwo amamveka ngati msampha, ndiye m'malo mofunsa timazungulira, timaponya kankhani ka kukwera mitengo kwa zinthu kapena dzina la mtsogoleri wina n'kumayang'ana nkhope ya mnzathu ngati ikwinyike kapena imwetulire. Mnyamata wa muofesi mwanuyo anaseka, mwina anagwirizana nazo, mwina anaseka chifukwa ndi watsopano ndipo bwana ndi amene ananena nthabwalayo.

Bambo wina naye wafunsa mwachidule ngati n'koyenera kunena kuti munthu ndi "wamanzere" kapena "wamanja" pa ndale monga amalembera ena pomasulira nkhani zakunja. Bambo, ayi. M'Chichewa wamanzere ndi munthu amene amalemba ndi kuponya mwala ndi dzanja lamanzere, palibe za ndale pamenepo. Azungu mawuwa anawatenga ku nyumba ya malamulo ya ku France mu 1789, pomwe ofuna kuti mfumu isunge mphamvu zake anakhala kudzanja lamanja la wapampando ndipo ofuna kusintha zinthu anakhala kumanzere, ndiye kwa iwo mbiriyo imamveka yokha, kwa owerenga athu ayi. Ngati mukulemba za ndale za kunja nenani kuti zipani za mbali ya kumanzere, kenako mufotokoze kamodzi kuti ndi zimene zimafuna boma lilowererepo kwambiri pothandiza osauka ndi ogwira ntchito, pamene za kumanja zimakonda kusunga miyambo ndi kusiya malonda m'manja mwa anthu eni. Koma munthu musamutche wamanzere pokhapokha mwamuona akugwira cholembera.