Kagalimoto ka gofu: musanakambe mtengo, kwezani mpando muone mabatire

Mayi, funso lanu ndaliona. Mwati muli ndi malo ogona alendo ku Senga Bay, mukufuna kagalimoto ka gofu konyamula alendo ndi zikwama zawo kuchoka poimika magalimoto kupita kuzipinda za kugombe, ndipo mwapeza tiwiri togwiritsidwapo kale ntchito ku Joni, kena ka petulo kena ka magetsi. Ine ndinagwira ntchito zaka 6 pabwalo lina la gofu ku Gauteng, m'shedi momwe timagalimototi timagona. Kuchaja, kuthira madzi m'mabatire, kusintha malamba, kukakoka tomwe tafera pakati pa bwalo, imeneyo inali ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Ndiye ndikuuzani zomwe manja angawa anagwira.

Mukamagula ka magetsi kakale, chimene mukugula kwenikweni ndi mabatire. Denga, mipando, chiwongolero, zonsezo sizivuta, zimakhala zaka zambirimbiri. Ndalama zanu zili pansi pa mpando.

Msuweni wanga ali ndi malo ngati anuwo ku Mangochi. Anagula kamodzi atangoona zithunzi pa WhatsApp, osandifunsa. Pazithunzipo kanali kokongola zedi, penti yatsopano, mipando yoyera yosokedwa kumene. Kanabwera pa thiraki kudzera ku Mwanza, antchito onse anatuluka kudzakaona. Tsiku loyamba kanayenda bwino. Tsiku lachitatu, atakwera anthu anayi, kanafika pakamtunda kochokera kugombe n'kuyamba kukwawa ngati kamba, kenako zii. Nditapita kukakweza mpando, mtima unandiwawa. Mabatire analipo 6, koma anayi anali a mtundu umodzi, awiri a mtundu wina. Awiri anali atatupa m'mbali ngati buledi wofufuma. Pamitu pake panali ufa woyera wosakanikirana ndi wobiriwira, ndipo waya mmodzi anali atadyeka mpaka kutsala tingwe towerengeka. Nditatsegula zotsekera, mbale za m'kati mwa mabatire, zoyenera kumira m'madzi, zinali pamtunda, zouma gwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogulitsa uja foni anasiya kuyankha. Kagalimotoko kanakhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi chaka chathunthu, mipando yoyera ija ikung'ambika ndi dzuwa, msuweni wanga akusonkha ndalama za mabatire ena. Si zabwino kuona munthu amene anavutikira ndalama zake akudutsa pamenepo m'mawa uliwonse.

Ndiye munthu wanu amene ali ku Joniyo muuzeni achite izi asanapereke ngakhale randi imodzi. Akweze mpando, awerenge mabatire. Ta 36V timakhala ndi mabatire 6 a 6V. Ta 48V nthawi zambiri timakhala ndi 6 a 8V, kapena 4 a 12V. Inu sankhani ka 48V, n'komwe kamakwera mtunda mosanyinyirika katasenza anthu. Mabatire onse akhale a mtundu umodzi ndi msinkhu umodzi. A kampani ya Trojan, omwe ndi ofala kwambiri m'timagalimototi, amakhala ndi chilembo ndi nambala zodindidwa pamutu wa negetivu. Chilembo ndi mwezi, A ndi Januwale, B ndi Febuluwale, mpaka L wa Disembala, ndipo nambala ndi chaka. Mukaona C2 ndiye kuti ndi la Malichi 2022. Batire la mtundu umenewu losamalidwa bwino limakhala zaka 4 mpaka 6, losasamalidwa silifika n'komwe ziwiri. Ngati apitirira zaka zitatu, awerengeni ngati akufa kale ndipo mtengo utsike.

Akatero abwereke mita yoyezera magetsi. Kagalimoto kachajidwe mpaka kudzaza, kapume maola angapo, ndiyeno ayeze batire lililonse palokha. La 8V lodzaza limaonetsa pafupifupi 8.5, la 6V pafupifupi 6.4. Seti yonse ya 48V imayandikira 51. Limodzi likatsalira anzake, limenelo ndi lomwe lidzakugonekeni panjira. Koma mita yokha imanama, chifukwa batire lotopa limatha kuonetsa nambala yabwino likangochoka pachaja. Akwere anthu anayi, apeze mtunda, ayende mphindi 20 kapena 30. Wogulitsa akakana zimenezo, musiyeni.

Za mitengo ndinena mongoyerekeza, chifukwa imasintha. Kakale kooneka bwino ndinkakaona pakati pa R50,000 ndi R80,000. Seti yatsopano ya mabatire a asidi yembekezerani kupitirira R20,000, musanaikepo thiransipoti. Ndipo ndi olemera, limodzi pafupifupi makilogalamu 30, onse pamodzi kuposa matumba atatu a chimanga. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogula ndi ndalama zakunja chimapweteka, ndiye kuli bwino mabatire atsopano aikidwe komweko kagalimoto kasanakwere thiraki kusiyana n'kudzawaitanitsa paokha pakatha miyezi itatu.

Achimwene ena amene ayankha funso lanu pano alemba kuti mabatire akafa mungoikamo a minibasi, chonde musawamvere. Batire la galimoto linapangidwa kuti lipereke mphamvu yambiri kwa timphindi tochepa polizira injini, kenako lidzazidwenso pompo. La kagalimoto ka gofu lili ndi mbale zokhuthala, linapangidwa kuti lizitsika pang'onopang'ono tsiku lonse n'kudzazidwanso usiku. Mukaikamo a minibasi kadzayenda, inde, koma pakangopita miyezi yochepa mudzawataya. Komanso musamasakanize latsopano limodzi ndi akale asanu. Akalewo amalikokera pansi latsopanolo.

Tsopano nkhani ya madzi, yomwe imapha mabatire ambiri kuposa china chilichonse. Mabatire a asidi amamwa madzi, ndipo kutentha kwa kunyanja kwa mu Okutobala ndi Novembala kumawamwetsa msanga. Madzi ake ndi aja ogula m'mabotolo olembedwa kuti ndi a batire. Osati a pamjigo, osati a pampopi, osati a m'nyanja. Madzi amenewo ali ndi mchere wa m'nthaka womwe umaononga mbale. Muzithira mukamaliza kuchaja, ongokwanira kumiza mbalezo, osadzaza mpaka kukamwa, chifukwa pochaja amafufuma n'kusefukira, asidi n'kumadya zitsulo za pansi. Pokhapokha mukapeza mbale zili pamtunda m'pamene mumathira pang'ono musanachaje. Asidi saonjezeredwa. Pochajira pakhale podutsa mphepo, chifukwa mabatirewa amatulutsa mpweya woyaka, ndipo mlonda asamasutire fodya pafupi. Kwathu kuntchito kuja tinali ndi buku, munthu mmodzi, tsiku limodzi pa sabata. Inunso musankhe munthu mmodzi. Mukati aliyense aziona, ndiye kuti palibe amene adzaone.

Ngati mukudziwa kuti munthu woteroyo mulibe, ganizirani za lithium, mtundu wina wa mabatire. Safuna madzi, ndi wopepuka kwambiri, amadzaza msanga ndipo amakhala zaka zambiri. Mtengo wake wogulira ndi wokwera ndithu, ndipo amafuna chaja yogwirizana naye. Ndikanakhala ine, pamalo a alendo ngati anuwo, ndikanapirira n'kulipira.

Chajayonso muiyang'ane. Werengani kapepala komata pambali pake. Magetsi athu kuno ndi 230V, chimodzimodzi ndi ku South Africa, kungoti mano a pulagi ndi osiyana, ndipo zimenezo n'zosavuta kusintha. Koma timagalimoto tina timachokera ku America ndi chaja ya 110V kapena 120V. Imeneyo mukailumikiza ndi kaadaputa ka pamsika, mudzangomva phu ndi fungo la waya wopsa. Chaja ibwere limodzi ndi kagalimoto kake, ndipo aiyese pamaso pa munthu wanu.

Enanso pano angoti ku Malawi kulibe magetsi, gulani ka petulo basi. Kuthima kwa magetsi tonse tikukudziwa, makamaka chija namondwe Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022. Koma kodi mizere ya pamalo omwetsera mafuta ija, anthu kugona m'magalimoto, mwaiwala kale? Zonse ziwiri zimasowa kuno. Chomwe sichisowa ku Salima ndi dzuwa, n'chifukwa chake malo aakulu opangira magetsi a sola a 60 MW aja anamangidwa m'boma lanu lomwelo. Kudzaza mabatire a asidi kumatenga maola 8 mpaka 10 ndipo sikudya mayunitsi opitirira 10 kwenikweni. Ngati muli ndi sola yamphamvu yoyendetsa mafiriji, mutha kumachaja masana alendo ali m'madzi. Kasola ka mababu ndi mafoni sikangakwanitse, chifukwa chaja imakoka pafupifupi mawati 1,000 kapena kupitirirako. Komanso ulendo wanuwo ndi waufupi, sikazitha moto tsiku lililonse. Chachikulu n'kusakasiya katatheratu moto masiku angapo. Batire la asidi likagona lopanda kanthu limaonongeka osabwereranso.

Ka petulo sindikukanyoza ayi. Kali ndi injini yaing'ono, nthawi zambiri ya silinda imodzi, ya pakati pa 300cc ndi 400cc kapena kupitirirako pang'ono. Ukaponda moto imalira yokha, ukachotsa phazi imazima. Thanki yake ndi ya malita pafupifupi 20 ndipo imakhalitsa. Makaniko wodziwa njinga zamoto ndi majenereta akhoza kukakonza, pomwe ka magetsi kakafa kabokosi kolamulira mota mudzafunafuna munthu. Mukanati ndi ka pafamu, koyenda tsiku lonse, kapena malo a zitunda ngati ku Nkhata Bay, ndikanati tengani ka petulo osaganiza kawiri. Koma pa inu ndikuona mavuto atatu. Phokoso ndi utsi pawindo la mlendo amene walipira kuti amve mafunde, wina akamanyamuka mbandakucha. Petulo wa m'zigubu amene mudzagule mafuta akasowa, yemwe amatseka kabuleta ndi zinyalala. Ndiponso petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo akakhalitsa m'thanki amakoka chinyezi, kotero nyengo yopanda alendo kakangoima miyezi iwiri kadzavuta kuliza. Osanenanso kuti petulo yemweyo amalowa bwinobwino m'njinga yamoto ya aliyense. Mabatire nawonso amabedwa ndi ofuna a sola, ndiye kulikonse komwe mungasankhe, shedi ikhale ndi loko. Mukatenga ka petulo, gulirani komweko malamba onse awiri, loyendetsa ndi la sitata, mafyuluta ndi mapulagi.

Kwa inu, ine ndikuti ka magetsi, ka 48V, kokhala ndi mabatire atsopano. Pa mitundu, khalani pa itatu yodziwika, Club Car, E-Z-GO kapena Yamaha, chifukwa zipangizo zake zimapezeka ku South Africa. Topanda dzina totchipa tija, kachitsulo kamodzi kakathyoka mudzasowa kolowera. Ine ndimakonda Club Car pa chifukwa chimodzi: chimango chake cha pansi ndi cha aluminiyamu, sichichita dzimbiri. Mitundu inayo ndi ya chitsulo, ndiye munthu wanu agwade ayang'ane pansi pomwe pamakhala mabatire, makamaka ngati kanachokera kunyanja ya mchere ngati ku Durban. Pa Club Car, nambala yake imayamba ndi zilembo, ndipo manambala awiri otsatira ndi chaka chomwe kanapangidwa. Musadalire pakamwa pa wogulitsa.

Pali kaswichi pansi pa mpando pa timagalimoto tambiri ta 48V, kolembedwa Run mbali ina, Tow mbali ina. Pokakoka, pokakankhira pa thiraki, kapena pomasula mawaya a mabatire, kakhale pa Tow. Anyamata okweza katundu sadziwa zimenezi, ndipo kabokosi kolamulira mota kaja kamatha kupsa kagalimoto kasanafike n'komwe pa Beitbridge.

Mchenga. Simunafunse koma ndinene. Timagalimototi tinapangidwira kapinga wometa bwino. Matayala ake ndi aang'ono ndipo mimba ili pafupi ndi nthaka. Mumchenga wofewa wa kugombe kadzatitimira, mota idzatentha, moto udzatha msanga. Konzani kanjira kolimba ka miyala kapena njerwa mpaka pakhomo la chipinda chomaliza, ndipo woyendetsa asamapitirire pamenepo ngakhale mlendo atapempha. Mabuleki pa tambiri ali kumatayala akumbuyo okha, zitseko palibe, ndiye ana a alendo asamakagwire, ndipo musamakatume kumsika pamsewu wa tala pomwe pakudutsa maminibasi. Matayala ake nthawi zambiri ndi a 18x8.50-8, omwe simungawapeze kwa ogulitsa matayala wamba. Awiri apadera akwere thiraki yomweyo.

Munthu wanuyo akafika, ajambule pamwamba pa mabatire onse mitu ikuoneka bwino, kapepala ka pachaja, pansi pa kagalimoto, ndi nambala yake. Muike zithunzizo pano ndizione musanatumize ndalama.