Mafayilo a buluu pa kompyuta yakale ya kusukulu

Aphunzitsi ena a ku Katete andilembera imelo. Pasukulu pawo pali kompyuta ya Windows XP, ndipo hard disk yake ya 40 GB itadzaza, anachonga pamene palembedwa "Compress drive to save disk space". Malo anapezekadi, koma tsopano maina a mafayilo asanduka a buluu, makina akuyenda ngati nkhono, ndipo Disk Defragmenter, pulogalamu yosonkhanitsa zidutswa za mafayilo zomwazikana pa disk, ikungodandaula kuti malo achepa. Akufunsa ngati aononga kompyuta.

Simunaononge, aphunzitsi. Buluuyo akungokuuzani kuti fayilo yapanikizidwa.

Mumawadziwa mabelo a salaula a pa msika wa Kapata. Zovala zambirimbiri zimakwana pamalo ochepa, koma wofuna malaya amodzi amayenera kumasula kaye. Windows nayo imapanikiza fayilo m'timagawo ta 64 KB, ndipo mukamaitsegula purosesa imayamba yamasula timagawoto. Makina a RAM ya 256 MB amatuluka nazo thukuta. Vuto lenileni limabwera mukasintha fayiloyo: kagawo kena sikakwananso pamene kanali, ndiye kamaponyedwa kwina. Pakapita miyezi, kaundula wa mayeso mmodzi amakhala atamwazikana disk yonse, singano yowerengera n'kumangothamanga uku ndi uku.

Musanachite chilichonse, koperani zonse zofunika pa flash. Magetsi athu mukuwadziwa. Kenako mu Command Prompt lembani chkdsk c: /f, muvomere, muyatsenso makina kuti disk ifufuzidwe. Defragmenter ya XP imafuna malo opanda kanthu okwana 15 peresenti, kwa inu ndi 6 GB. Malowo muwapeza mukachotsa nyimbo ndi mafilimu amene ana anadzazamo. Ndipo dziwani kuti MP3, JPEG ndi ZIP zinapanikizidwa kale, kuzipanikizanso n'kufinya chiguduli chouma.

Ndikanakhala ine, mafoda a Windows ndi Program Files ndikanawamasula, chifukwa amawerengedwa tsiku lonse. Malipoti a zaka zam'mbuyo, amene mumatsegula kamodzi pachaka, asiyeni a buluu. Mukatero yambitsani defragmenter madzulo, muisiye igwire usiku wonse.

Ngati m'kabati muli ina ya Windows 98, chenjerani, imeneyo ndi nyama ina. Imagwiritsa ntchito DriveSpace, imene inayamba mu MS-DOS 6.22 mu 1994 kulowa m'malo mwa DoubleSpace. Ikapanikizidwa, drive C: yonse imakhala m'fayilo imodzi yobisika, DRVSPACE.000, pa drive ina imene nthawi zambiri imatchedwa H:. Ndili mnyamata ndinaifufuta fayiloyo pa makina a ofesi ina kuno ku Chipata poganiza kuti ndi zinyalala zodya malo. Zimene ndinauzidwa tsiku limenelo sindingazilembe pano. Pa makina otere yambani ndi ScanDisk yofufuza disk, zimitsani screen saver kuti defragmenter isamangoyambiranso, ndipo za mu H: musazikhudze.