Ndalama za CDF zipite kusukulu ya zaluso

Achimwene, pakati pa shedi ina ya pamsika ndi chipinda chophunzitsira ntchito zamanja, komiti yanu yoona za chitukuko m'dera (ADC) isankhe chipindacho pogwiritsa ntchito ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu. Wachinyamata akaphunzira kuwotcherera zitsulo amapanga mafelemu a mawindo, mageti ndi ngolo komweko, ndipo ndalama zomwe anthu ankakasiya kutauni zimatsala m'dera. Posakhalitsa amalembanso womuthandiza. Ophunzirawo amachita lendi, amagula ndiwo, amakwera kabaza, kotero ambiri amapezapo kangachepe.

Koma nyumba payokha siphunzitsa munthu. Ntchito zotere zimafa chifukwa bajeti yonse imathera pa njerwa ndi malata, osasiyako ya makina owotcherera, kulumikiza magetsi a ESCOM, zipangizo zoyeserera ndi malipiro a mlangizi. Makina osowa magetsi amangochita dzimbiri m'sitolo. Werengerani zonsezi musanakumbe maziko.

Lankhulaninso msanga ndi a TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a zaluso. Olemba ntchito amapereka 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuthumba la maphunziro a zaluso, ndipo satifiketi yomwe a TEVETA aivomereza ndi imene imathandiza wophunzira kupeza ntchito. Pulani ya nyumbayo ayambe waiona injiniya wa kukhonsolo musanagule simenti.